Utuchi wa ku Lumbadzi

Lachitatu. Mpando wanga sunathebe. Ndinapita ku Lumbadzi kwa malume ndili ndi chikhulupiriro chonse, n'kukapeza miyendo itatu yokha ili pakona, wachinayi ukadali thabwa. Ndisanayambe n'kudandaula komwe, ndege inadutsa m'munsi kulowera ku bwalo la Kamuzu, malata a shedi mpaka kunjenjemera.

"Malume, mukudziwa kuti amene anayambitsa kampani yopanga ndege ya Boeing anali munthu wa matabwa ngati inu?"

"Iwe, usandinamize," anatero, osasiya kupala.

Ndiye ndinawafotokozera. William Boeing anasiya maphunziro ku yunivesite ya Yale ku America mu 1903 n'kukayamba malonda a matabwa m'chigawo cha Washington. Ndege yake yoyamba, ya mu 1916 ku Seattle, inali ya matabwa ndi nsalu, yotera pamadzi. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, asilikali anasiya kugula ndege, kampani n'kuyamba kukhoma makabati ndi katundu wina wa m'nyumba kuti isatsekedwe. Apa malume anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndiye kuti nawonso tsiku lina adzauluka.

Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa panga! Ndinapitiriza kuti mu 1927 anapata mwayi wonyamula makalata pakati pa Chicago ndi San Francisco, chuma n'kukula, kenako mu 1934 boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa opanga ndege kukhalanso eni a makampani oulutsa ndege. Kampani inagawidwa patatu. Iye anagulitsa masheya ake n'kupita kukaweta mahatchi. Anamwalira mu 1956, ndege ya Boeing 707 isanayambe n'komwe kunyamula anthu mu 1958.

Malume anasiya kupala. "Anachoka yekha? Dzina lake lili pachitseko?" Anapukuta utuchi m'manja n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndithu. "Mphwanga, ukapsa mtima umatuluka panja kaye, sugulitsa nyumba."

Sadziwa kuti kalata yosiya ntchito ndinailemba kale, yatha masabata awiri ili mufoni. Kapena amayi anawanong'oneza? M'minibasi monse ndimangowatsutsa chamumtima: munthuyo anali wolemera kale, anachoka ali ndi zaka 52, n'kukhala pa mtendere ndi mahatchi ake. Ine ndikasiya ndikaweta chiyani, nkhuku zitatu zija?

Tsopano ndi usiku, magetsi azima, foni yatsala ndi moto pang'ono. Kalata ija ndaitsegulanso kawiri. Mpando akuti ndikatenge Loweruka.