Lachinayi ku Mitundu, pansi pa mtengo wa mango

Tinanyamuka mu Lilongwe kusanache bwino, minibasi itathinana ndi matumba a fetereza. Tinali awiri ochokera ku kabungwe kathu kophunzitsa amayi za umoyo: ine ndi namwino wina wopuma pantchito. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anali atamema kale anthu kudzera kwa amfumu, ndipo tinapeza amayi atayala zitenje pamthunzi.

Nkhani inali ya khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene akutha amayi ambiri kuno kwathu. Ndinafotokoza kuti gwero lake ndi kachilombo ka HPV kofala pogonana, kuti imakula mwakachetechete zaka zambiri osamva kupweteka, komanso kuti kwa mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chimawirikiza ka 6. Onse anali duu. Bata lotere ndimalidziwa, si la kumvetsa ayi, ndi la mantha.

Kenako agogo ena anatsokomola. "Mwana wanga, ife tinamva kuti kuchipatalako amatulutsa chiberekero, kuchitsuka, n'kuchibwezera. Nanga akachibwezera chozondoka?" Ena anaseka, koma maso onse anali pa ife.

Anamwino sanatsutse. Anangotsegula chikwama, kutulutsa kachida kotsegulira njira ya amayi, thonje ndi botolo la viniga, n'kuziyendetsa m'manja mwa aliyense. Anati amapaka viniga pakhomo la chiberekero, kudikira mphindi imodzi, ndipo malo odwala amayera. Akapezeka msanga amawawotcha ndi kachipangizo kotentha, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Palibe chotulutsidwa. Agogo aja anafungatira kachidako kwa nthawi yaitali asanakapereke kwa mnzawo.

Za katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, tinangodutsamo chifukwa mvula inali itayandikira. Zandiwawa, poti mphekesera yoti amatseka mimba ikadalipo.

Tikulongedza, mayi wina wobereka mwana kumbuyo ananditengera kuseri kwa mtengo. "Achemwali, ndikakhala ndi abambo kunyumba ndimataya magazi. Yakwana miyezi inayi." Sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubala. Tinagwirizana ndi alangizi kuti amuperekeza kuchipatala Lolemba m'mawa, abambowo atauzidwa kaye.

Ndafika kunyumba kutada, nsima yandikanika. Nambala ya alangizi ndailemba pakhoma pafupi ndi bedi. Lolemba masana ndiwaimbira.