Sindinavine, inali shoko

Popeza alamu anga ayamba kale kufalitsa nkhaniyi pa gulu la WhatsApp la kubanja, n'kumaithira mchere wawo, lekani ndinene ndekha. Inde, ndinakuwa kuti "mayo ine!" pamaso pa apongozi. Inde, nsapato imodzi inakapezeka m'munda wa mbatata. Koma zoti ndinavina beni ndi bodza lamkunkhuniza.

Ka Corolla kanga kakale kaja kanayamba kutsimphina mvula itangoyamba. Kukakhala dzuwa, bwinobwino. Kukangoti waa, injini kunjenjemera ngati yadwala malungo. Makaniko wanga anatsegula boneti usiku mumdima n'kundionetsa timoto tabuluu tikudumpha pa mawaya a mapulagi, labala yake itang'aluka ndi ukalamba. Anati ndigule onse anayi, oyenera injini imeneyi, a NGK kapena a Toyota enieni. Ndinamva. Kungoti mtengo wake nawo ndinaumva.

Ndiye ndinalowera ku Ndirande. Mnyamata wina pa benchi ananditulutsira mawaya ofiira psuu, onenepa ngati chala chachikulu, opanda katoni, opanda dzina. "Biggie, awa ndi a mpikisano, moto wake ndi wa ndege." Theka la mtengo. Inuyo mukanatani?

Kunyumba ndinazula akale onse anayi nthawi imodzi, atsopano n'kuwalumikiza pa distributor, kachipangizo kogawira moto ku mapulagi, motsatana 1, 2, 3, 4, monga munthu wopita kusukulu. Nditaliza injini, kunamveka phuu! Nkhuku za aneba zinakwera padenga. Makaniko pafoni, akubanika ndi phwete, anati injiniyi imawotcha mapulagi mu dongosolo la 1-3-4-2, ndipo waya amasintha mmodzimmodzi. Chabwino, izi ndavomera.

Loweruka tinanyamuka wa ku Lunzu. Panjira wailesi inkangoti tatatata, ndikaponda mafuta nayo ikuwonjezera liwiro. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti waya wabwino amakhala ndi resistance mkati yoletsa phokoso limenelo, pamene anga a ndegewo munali kopa yekhayekha. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo a Chisomo, ndiye nyimbo ya mpikisanoyo?"

Titafika, injini ikutsimphinabe, apongozi aamuna anayandikira manja kumbuyo. "Akamwini, galimotoyi ikudwala chiyani?"

Apa m'pamene satana anandilowa. Ndinati, "N'kanthu kakang'ono, bambo." Ndinatsegula boneti injini ikulira, nditaponda pansi ponyowa, dzanja lina litatsamira chitsulo, ndipo ndi dzanja lamanja ndinagwira waya wachitatu kuti ndiukankhe bwino.

Abale anga. Magetsi a m'nyumba ndi mavoti 230. Mu waya wa pulagi mumadutsa opitirira 20,000. Sapha, koma amakufunsa mayina ako onse. Analowera kuchala, anadutsa pachigongono, anaima pang'ono m'mano kupereka moni, n'kutsikira kumawondo. Ndipo sabwera kamodzi ayi, amabwera motsatana ndi kulira kwa injini, ta, ta, ta, moti phewa langa linkayankha lililonse. Ndinaona agogo anga amene anatisiya kalekale, atakhala pamphasa akusenda nandolo, akundiyang'ana mokhumudwa. Mwendo wamanzere unapita wokha kumene unkafuna. Nsapato inatsogola.

Kunja kunati zii. Apongozi aakazi anathawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi chitenje, koma mapewa awo ndinawaona. Apongozi aamuna anasuzumira mu injini mwaulemu wonse, kenako n'kutembenuka.

"Pepani akamwini. Yakulumani?"

Ine ndikuti waya weniweni sakanatulutsa moto pa labala yatsopano choncho, ndiye mlanduwu tigawane ndi mnyamata wa pa benchi uja. Komanso alamu amene akusekawo, galimoto yawo ndi njinga.

Lolemba ndinakagula amene ananena makaniko aja, pa mtengo womwe uja ndinkauthawa. Ofiirawo pano akumangira chitseko cha khola la nkhuku, ndipo pa ntchito imeneyo ndi olimba ndithu. Nsapato ija anabwera nayo mwana wa aneba, atailipiritsa.