Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Bambo wa pa holide

Ndinalekeza paja banja litatha, ndinatuluka m'mudzi wa apongozi ku Linthipe, chikwama kumsana, bokosi la zipangizo za ukalipentala pamutu. Njerwa za nyumba ija ndinaumba ndekha, koma mkamwini sasamuka ndi nyumba. Zimenezo sizinandiwawe. Chinandiwawa ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka 5 panthawiyo, amene anandiperekeza mpaka pamjigo akuganiza kuti ndikupita kumsika.

Ankhoswe atakhala pansi, atsibweni ake a mwanayo sanachulutse gaga. "Alamu, mwana ndi wa kuno. Mukamufuna, njira mukuidziwa."

Njira ndinkaidziwadi: minibasi kuchokera ku Lilongwe, kenako kabaza. Ndikafika ankandiyikira mpando pakhonde ngati mlendo wodzagula mbuzi. Mwana ankabwera, kugwada, kupereka moni, asanakhazikike n'komwe wina wamuitana kale kuti akatsuke mbale. Shuga ndi sopo zokha ndiye zinkalowa m'nyumba.

Mnzanga wina wa kumpingo ndi amene anandiuza za lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, loti kholo likhoza kupempha khoti kuti lizikhala ndi mwana kapena lizimuona. Ndinapita ndili ndi mtima wokalanda. Woweruza sanafunse za chikamwini, sanafunsenso amene anayamba ndewu. Ankangobwereza za ubwino wa mwana, n'kutiuza kuti lamulolo limaonanso kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake. Kenako anatembenukira kwa ine: "Bambo, mukapita kukakhoma denga ku Salima sabata yonse, mwanayu azitsala ndi ndani?"

Ndinasowa chonena. Ndinkakhala chipinda chimodzi cha lendi ku Mchesi, mbaula pakhomo.

Chigamulo chinali chakuti mwana akhale kwa mayi ake, ine ndizipereka chithandizo mwezi ndi mwezi, ndipo ndizimutenga pa holide. Mayi ake sindiwanena zoipa pano. Ndinaona ndekha pabenchi la pakhoti paja amayi angati amene ankalondola abambo othawa ana awo, ena atabereka khanda kumbuyo. Ife odzapempha kuona mwana tinali owerengeka. Komabe ndimati lamulo likanayambira poti nthawi ya mwana ndi ya makolo onse awiri, wofuna kuchepetsa ya mnzake ndiye afotokoze chifukwa. Holide ndi ya Fanta ndi nsapato zatsopano. Kulera kwenikweni kuli Lachiwiri m'mawa, yunifolomu isanaume, mwana akukana phala.

Disembala woyamba ndinakamutenga. M'minibasi anakhala phee, jumbo la zovala ali nalo pamiyendo. Tikudutsa pa Nathenje anaseka china chake, ndipo ndinaona kuti mano awiri akutsogolo palibe. Anaguluka liti, anawataya kuti, palibe anandiuza.

Usiku ndinaphika nsima ndi usipa wothira tomato, ndiwo imene ankanyambita nayo zala ali wamng'ono. Anangotsina mbamu ziwiri.

"Adadi, usipa ndinasiya. Umandiyabwa."

Ndinatuluka mumdima kukagogoda pa okala ya aneba kuti andigulitse mazira awiri. Pobwera ndinamupeza atagona pampando, nsapato zili kuphazi.