Ndinapita kukafuna nyumba nambala 247 Caledon Street ku Cape Town

Achemwali anga akhala zaka ndithu akugwira ntchito ku Cape Town, ndiye mwezi watha ndinati ndikawaone. Za basi sindinena zambiri, amene munadutsapo pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge mukudziwa kale mmene miyendo imatupira. Nkhani yanga lero ndi ya malo ena ake mkatikati mwa tauni, amati District Six.

Tsiku lina iwo ali ku ntchito ndinakwera minibasi ndekha kupita mtauni. Ukachoka pa linga lakale la Castle of Good Hope n'kumakwera chakuphiri, nyumba zimangotha mwadzidzidzi, kutsogolo kwako udzu, miyala, zibenthu za njerwa, apo tchalitchi chili chokha, uko mzikiti uli wokha, Table Mountain ili poteropo ndipo ukacheuka ukuona doko ndi nyanja. Malo okongola chonchi mtauni yodula ngati imeneyi n'kukhala tchire, zimatheka bwanji?

Yankho lili pa Buitenkant Street, mu District Six Museum. Kale chinali tchalitchi cha Methodist, anachisandutsa myuziyamu mu 1994. Ukangolowa umaponda mapu aakulu a dera lonselo amene anayala pansi, ndipo anthu amene ankakhala kumeneko anabwera n'kulemba okha mayina awo pamene panali nyumba zawo. Ine ndinayamba kuyenda monyang'ama, kuopa kuponda dzina la munthu. M'mwamba anapachika zikwangwani zenizeni za misewu, Hanover, Caledon, Horstley ndi zina, kapitawo wina wa ogumula anauzidwa kuti akazitaye m'nyanja koma iye anazibisa kwa zaka zambiri.

Mwachidule zinayenda motere. Derali linapatsidwa dzina lake mu 1867, ndipo munkakhala zidzukulu za akapolo, amwenye, Ayuda, Amaxhosa, makaladi, azungu osauka, onse pamodzi, Asilamu ndi Akhristu khomo ndi khomo. Oyamba kuthamangitsidwa anali anthu akuda mu 1901, powanamizira mliri, anawapititsa ku Ndabeni. Kenako pa 11 February 1966 boma la tsankho linalengeza kuti District Six ndi ya azungu okha, potengera lamulo la Group Areas Act la 1950, logawa malo okhala potengera mtundu wa anthu. Makatapila anabwera, ndipo pofika 1982 anthu oposa 60,000 anali atasamutsidwa kupita ku Cape Flats, kumchenga, kutali ndi ntchito zawo. Anangosiya matchalitchi ndi mizikiti, ngati St Mark's ndi mzikiti wa pa Muir Street. Ngakhale dzina analisintha kukhala Zonnebloem.

Koma 60,000 ndi nambala chabe, mutu sugwira. Chimene chinandigwira ine ndi nyumba imodzi, 247 Caledon Street. Inali ya banja la bambo Noor Ebrahim, mmodzi mwa anthu amene anathandiza kuyambitsa myuziyamuyi ndipo kwa zaka zambiri ankalondolera alendo mmenemo. Agogo awo anachokera ku India, iwo anabadwira m'nyumba imeneyi mu 1944, ndipo mibadwo inayi ya banja limodzi inakhalamo. Tangoganizani, agogo, makolo, ana, zidzukulu, maukwati, maliro, Eid iliyonse, pakhomo limodzi lomwelo. M'zaka za m'ma 1970 anawauza kuti achoke, anasamukira ku Athlone, nyumba ija n'kugwetsedwa.

Ndiye bambowa ankaweta nkhunda za mpikisano, pafupifupi 50. Atafika ku Athlone anazitsekera m'khola miyezi itatu kuti zizolowere, kenako anazitsegulira. Madzulo sizinabwere, olo imodzi. Mmawa mwake akupita ku ntchito anadzera ku Caledon Street, n'kukazipeza zonse zitatera pabwalo lopanda kanthu pamene panali nyumba yawo. Amene munawetapo nkhunda mukudziwa, nkhunda ukaigula kumudzi wina umayamba waithothola mapiko apo ayi mawa uipeza yabwerera kwawo. Ine apa misozi inalengeza, sindinama.

Nditatuluka ndinati ndikaone ndi maso anga. Caledon Street kumunsi ikadalipo, pali polisi, mashopu, magalimoto. Ukamakwera imakathera njira, kutsogolo kuli nyumba za yunivesite ya CPUT, imene boma lomwelo linamanga pamabwinja a anthu ikadali Cape Technikon, ndi mabwalo a udzu aja. Ndinazungulira, mphepo ikuwomba ya ku Cape ija yofuna kukugwetsa, nambala 247 palibe, 245 palibe, palibe olo chitsa cha geti. Pena pake umangoona miyala ya msewu wakale ikusuzumira mu udzu, ndi matenti a anthu osowa pogona.

Chimene chimandiwawa n'choti boma lija linkati likuchotsa uve ndi umbava. Zoona nyumba zambiri zinali zothaitha, anthu othithikana, eni nyumba ambiri ankangotolera lendi osakonza kanthu. Koma nyumba yodontha amaifolera, sathamangitsa mudzi wonse. Aboma ankafuna malowo, ndipo sankafuna kuona mitundu yosiyana ikukhala pamodzi, basi.

Madzulo nditabwerera kwa achemwali ku Capricorn, kumene Amalawi tadzazako, ndinawafotokozera, iwo n'kundilozera mafulati a Lavender Hill pafupi pomwepo. Ambiri mwa agogo a m'mafulati amenewo anachokera ku District Six. Hanover Park, dera lina la ku Cape Flats, nayonso dzina lake linachokera ku Hanover Street. Ife timangomva za magenge ndi mfuti kumeneko n'kumati anthu awa bwanji, osadziwa kuti makolo awo anali ndi makomo awo mtauni, anawabalalitsa ndi lole, wina uku wina uko.

Zobwezera malo zikuyenda koma pang'onopang'ono kwambiri. Nelson Mandela anapereka makiyi kwa oyamba kubwerera pa 11 February 2004, dzina la District Six linabwezeretsedwa mu 2019, ndipo nyumba zatsopano zoyera zilipo ndithu ndinaziona, koma ndi zochepa ndipo ambiri amwalira akudikira. Abale amene muli ku Cape Town, tsiku la ofu pitani pa Buitenkant Street, kuchokera pa siteshoni ndi poyenda wapansi, ndipo mukafunse kuti akulondolereni munthu amene anakulira mu District Six momwemo, akadalipo koma akalamba.