Kamzere ka pakati pa malamba awiri

Kwa masabata atatu tsopano, madzulo aliwonse ndimazimitsa getsi lalikulu, n'kuyatsa kanyale kamodzi ka patebulo, n'kumayang'ana kandalama kachitsulo kamodzimodzi. Ndi dime, ndalama ya masenti khumi ya ku America, ya chaka cha 1945, ya mtundu umene osonkhanitsa ndalama zakale amautchula kuti Mercury, dzina la mulungu wa Aroma, ngakhale kuti mutu umene Adolph Weinman anajambulapo ndi wa Liberty, mayi woimira ufulu, atavala chipewa chamapiko. Kandalamaka ndi ka mamilimita 17.9 m'mimba mwake, kolemera magalamu 2.5, koma funso limene landigwirali lili pa kamalo kochepa kuposa mutu wa machesi.

Kuseri kwake kuli mtolo wa ndodo ndi nkhwangwa, womangidwa ndi malamba. Malamba awiri a pakati ndiwo mwini nkhani. Ngati pakati pawo padutsa mzere woonekera bwino kuchokera mbali ina mpaka ina osadukiza, makampani oyeza ndalama amawonjezera zilembo ziwiri pa giredi yake: FB, kutanthauza Full Bands. Dime za 1945 zopangidwa ku Philadelphia zinatuluka zoposa 159 miliyoni, ndiye kuipeza si nkhani. Koma za chaka chimenecho zokhala ndi malamba olekana bwino ndi zosowa kwambiri, moti zilembo ziwirizi zimakweza mtengo maulendo ambirimbiri. Yanga ndi yonyezimira, sinayendepo m'manja mwa anthu, ndipo tsiku loyamba ndinaona ngati mzerewo ulipo.

Ndisanapitirire, ndinene chimene chinkandisokoneza pamene ndinkayamba maphunzirowa. Ndinkaganiza kuti nambala ndi zilembo zimayeza chinthu chimodzi, kuti zilembozo ndi mphotho chabe ya ndalama imene yakhoza bwino pa nambala. Si choncho. Nambala, kuyambira 1 mpaka 70, inachokera kwa William Sheldon amene mu 1949 anaikonzera masenti akale a mkuwa a ku America, ndipo pambuyo pake inafalikira ku ndalama zina zonse. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi ndalama zimene sizinaperepeseke ndi manja, ndipo patsogolo pa nambala zimenezi amalembapo MS. Nambalayo imaphatikiza zambiri: zipsera, kunyezimira, mmene chithunzi chadindikira, ndi kukongola kwa ndalama yonse. Makampani oyeza ndalama, PCGS imene inayamba mu 1986 ndi NGC ya mu 1987, akamaliza kuyeza amaitsekera m'kabokosi ka pulasitiki, giredi italembedwa pamwamba. Zilembo zowonjezerazo zimayankha funso lina, lopapatiza. Dime ya MS63 ikhoza kukhala ndi FB pamene ya MS67, yosalala ndi yokongola kuiposa kutali, ilibe.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a ndalama, ndipo pano mpamene ndakhalitsa kwambiri. Kachitsulo kosalala kamaikidwa pakati pa zidindo ziwiri, makina n'kukapanikiza mwamphamvu. Chitsulocho chimayenderera kulowa m'maenje a chidindo. Malo amene ali otukuka kwambiri pa ndalama ndi amene ali akuya kwambiri m'chidindo, ndipo ndiwo amadzaza pomalizira. Mphamvu ikachepa pang'ono, kapena zidindo zikatalikirana, kapena chidindo chikatopa ndi ntchito, kapenanso mafuta a makina akatseka kadzenje, chitsulo sichifika pansi penipeni. Ndalama yotere imatuluka m'makina ili kale yosakwanira. Palibe amene anaiwononga, inabadwa choncho. Pa dime ya Mercury malamba a pakati ali pamalo otukuka chonchi, n'chifukwa chake akhala umboni wa mmene ndalamayo inadindidwira.

Ndiye pali kuphwatalala kwa mitundu iwiri kumene maso osazolowera amakuona ngati kumodzi. Kwina n'kwa kuperepeseka, kwina n'kwa kusadindika. Kusiyanitsa kwake kuli m'kunyezimira. Chitsulo chikamayenderera m'chidindo chimasiya timizere tosaoneka ndi maso, tochokera pakati kulowera m'mphepete, ndipo timeneti ndi timene timachititsa kuti ukamapendeketsa ndalama yatsopano pansi pa nyale, kuwala kuzizungulira ngati masipoko a gudumu. Pamalo poperepeseka timizereti tafufutika, kuwala kumadukira pomwepo, ndipo mtundu wake umakhala wakuda pang'ono kapena wotuwa. Pamalo posadindika mtundu sumasiyana kwenikweni ndi malo ozungulira, ngakhale kuti chithunzicho palibe. Ndinatenga masiku angapo ndikuyerekeza dime zanga zina zakutha ndi iyi kuti maso anga agwire kusiyanaku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi mwambiwu ndi malangizo enieni: nyale imodzi, chipinda chamdima, kagalasi kokuza zinthu kasanu, ndalama itagwiridwa m'mphepete, kuitembenuza pang'onopang'ono mpaka yazungulira yonse.

Nditabwerera ku malamba aja ndi maso ophunzirako, ndinapeza izi. Kumanzere mzere ulipo, wakuya bwino. Kumanja ulipo. Pakati penipeni umazimiririka, malamba awiri aja n'kugundana pa kamalo kakang'ono kwambiri. Ndikapendeketsa ndalama mwanjira inayake, kuwala kukuchokera m'munsi, pamaoneka kamthunzi kolumikiza mbali ziwirizo. Ndikaisuntha pang'ono chabe, kamthunziko kamasowa.

Kwa masiku angapo ndinkangofunafuna kapendekedwe kameneko. Ndinkadziwa bwino pogwira ndi poika nyale kuti mzere uoneke wathunthu, ndipo ndinajambula zithunzi zingapo zotero. Tsiku lina ndikuyang'ana zithunzizo ndinazindikira kuti ndasiya kuyeza ndalama ndipo ndayamba kuiyankhulira. Phunziro langa lalikulu la mwezi uno ndi limeneli. Ndalama yoyenera zilembo zapadera siisowa woilankhulira. Mzere weniweni ndi ngalande m'chitsulo, ndipo ngalande imaoneka kulikonse kumene kuwala kwachokera. Chimene chimaoneka mbali imodzi yokha ndi mthunzi. Ndipo mtengo ukamasiyana kwambiri pakati pa kukhala ndi zilembo ndi kusakhala nazo, maso amafulumira kuona chimene mtima ukufuna. Pa dime ya chaka china chimene malamba athunthu ndi ochuluka, sindikanataya ngakhale mphindi ziwiri, ndikanangoti palibe. Chaka cha 1945 ndi chimene chinandisunga masabata atatu.

Mitundu ina ili ndi malo akeake oyang'ana. Pa nickel (ndalama ya masenti asanu) ya Jefferson, imene inayamba mu 1938, amawerenga masitepe a nyumba ya Monticello yojambulidwa kuseri kwake: asanu kapena asanu ndi limodzi osadukiza, ndipo kachipsera kamodzi kodutsa pamasitepe kakhoza kulepheretsa zonse. Pa half dollar (theka la dollar) ya Franklin, ya 1948 mpaka 1963, amayang'ana mizere ya m'munsi mwa belu lojambulidwa kuseri kwake, ndipo ya 1953 yopangidwa ku San Francisco ndiyo yotchuka posowa mizere yathunthu. Apa ndinaphunziranso kuti makampani sayendera lamulo limodzi: PCGS imayang'ana gulu la mizere ya pansi, pamene NGC imafuna magulu onse awiri. Choncho musanaweruze ndalama yanu, dziwani kaye kuti mukuiweruza ndi muyezo wa ndani. Ndalama zamkuwa amaziyeza ndi mtundu, RD ikakhala kuti kufiira kwake koyambirira kudakalipo pafupifupi konse, RB ikayamba kuderako, BN ikasanduka yoderapo. Pa dollar ya Morgan, zilembo PL ndi DMPL zimanena za malo osalala ozungulira chithunzi, ngati akuonetsa zinthu monga kalilole, komanso patali bwanji. Ndipo lamulo limene ambiri timaliiwala ndi loti mbali zonse ziwiri ziyenera kukwanira. Kumaso kukhale kalilole weniweni, kuseri kukachepa, zilembozo palibe.

Zonsezi zili ndi chabwino chimodzi, chakuti ukhoza kuloza ndi chala. Zovuta ndi zizindikiro zimene zimadalira chiweruzo. Mu 2010 PCGS ndi NGC anayamba kuika chizindikiro cha + pa ndalama imene ili pamwamba m'giredi yake, yotsala pang'ono kulowa giredi yotsatira. NGC ilinso ndi nyenyezi, imene imaperekedwa chifukwa cha kukongola kwapadera. Palinso CAC, imene John Albanese anaiyambitsa mu 2007, yomwe imayang'ananso ndalama zoyezedwa kale n'kumata kasitika kobiriwira pa zimene zili zolimba m'giredi yake, kapena kagolide pa zimene ikuona kuti zinapatsidwa giredi yotsika. Apa palibe mzere woti uwerenge. Funso ndi loti: mwa ndalama zonse za MS65, iyi ikuima pati? Sungayankhe ngati unangoonapo zitatu. N'chifukwa chake ndayamba kusunga zithunzi za ndalama za mtundu umodzi ndi giredi imodzi, zokhala ndi + ndi zopanda, n'kumabisa cholembedwacho, kulosera, kenako n'kutsegula. Ndimaphonya kawirikawiri, koma kuphonyako kwayamba kundiuza chinachake. Nthawi zambiri ndimakopeka ndi kuwala n'kuiwala malo a chipsera. Kachipsera kobisika m'tsitsi kapena m'mapiko sikalemera mofanana ndi kamene kali patsaya kapena pamalo osalala kutsogolo kwa nkhope, pamene diso limafikira poyamba.

Kuwalako nakonso kumanamiza. Ndalama yotsukidwa imaphanima kwambiri, koma ukaipendeketsa kuwala sikuzungulira ngati gudumu, ndipo pansi pa nyale pamatuluka timizere topyapyala toyenda mbali imodzi, tosiyidwa ndi nsalu. Chikomekome cha mkuyu. Ndalama yotere makampani saipatsa nambala n'komwe, amangolemba kuti Details n'kutchula vuto lake, ndiye za zilembo zapadera iwalani. Anzanga amene mwangoyamba kumene, chonde musapukute ndalama.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundivutabe mumtima pa dongosolo lonseli. Tengani quarter (ndalama ya masenti 25) ya Standing Liberty, ya 1916 mpaka 1930, yojambulidwa ndi Hermon MacNeil. Zilembo FH, Full Head, zimaperekedwa mutu wa Liberty ukaoneka bwino: pa zambiri mwa izo amayang'ana timasamba titatu, mzere wa tsitsi, ndi kabowo ka khutu. Koma pa ndalama yomweyo pali chishango chokhala ndi timisomali tozungulira, ndipo si zachilendo kupeza quarter ya FH imene timisomali tina sitinatuluke. Zilembo zikunena zoona, mutu ndi wathunthu, koma wogula amamva ngati zikunena kuti ndalama yonse inadindika bwino. Kwa ine, quarter imene mutu wake waperewera pang'ono koma chishango, chovala ndi nthenga za chiwombankhanga zili zakuthwa ndi ndalama yabwino kuposa ya FH ya chishango chofufutika, ngakhale msika ukunena zina. Choncho ndimadzifunsa mafunso awiri osiyana. Loyamba, kodi ikukwanira pa lamulo lolembedwa? Lachiwiri, kodi ndalama yonse ikugwirizana ndi chimene zilembozo zikulonjeza? Loyamba ndi la kampani yoyeza. Lachiwiri ndi langa, ndipo ndi limene liyenera kundiuza ngati ndilipire mtengo wowonjezerawo.

Dime yanga sinditumiza kuti akaiyeze. Kutumiza kuli ndi malipiro ake, ndipo popanda FB ndalama ya chaka chimenechi ndi ya mtengo wochepa, mwina wosafika pa malipirowo. M'kope langa ndalemba kuti: 1945, Philadelphia, sinayende m'manja, kunyezimira kwabwino, malamba a pakati olekana mbali zonse ziwiri koma ogundana pakati. Ndaiika pambali kuti ikhale yoyerekezera, chifukwa ikundionetsa bwino lomwe pamene "pafupifupi" amathera. Sabata yamawa ndikuyamba masitepe a Monticello. Ndili ndi nickel khumi ndi ziwiri, ndipo iliyonse ndidzaiwerenga kanayi, nyale ikuchokera mbali zinayi zosiyana, ndisanalembe kalikonse.