Kadontho ka pachala kamene kanabweza mlamu wanga

Mlamu wanga wa ku Chilomoni anapita kukapereka magazi mwezi watha ndipo anabwerako ali wokhumudwa. Anamubaya pachala, kadontho kanalowa m'kamakina, namwino n'kumuuza kuti, "Mayi, lero HB yanu yatsika, mudzabwerenso." Madzulo ake anandiimbira foni: "Alamu, ine wonenepa chonchi magazi angandichepere bwanji?"

Kunenepa sikugwirizana ndi zimenezi. HB ndi himogulobini, chinthu chimene chimafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya m'thupi, ndipo thupi silingachipange popanda ayironi, mchere wofunika m'thupi umene timaupeza m'zakudya. Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati mayi asapereke magazi ngati HB yake ili pansi pa 12.0 g/dL (magalamu a HB m'mamililita 100 a magazi), bambo pansi pa 13.0. Mayiko ena amakweza pang'ono. Malirewo amateteza woperekayo, chifukwa thumba limodzi la mamililita 450 limatuluka ndi ayironi wokwana mamiligalamu 200 mpaka 250, pamene munthu pa tsiku amayamwa miligalamu imodzi kapena awiri okha kuchokera m'chakudya. Madzi a m'magazi amabwerera m'masiku awiri. Ayironi ndiye amatenga miyezi, n'chifukwa chake abambo amadikira miyezi itatu, amayi inayi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ife amene timadutsa bwinobwino, n'kumanyadira khadi lathu loperekera magazi lodzaza. HB ili ngati ufa wa m'chidebe: ungaoneke wodzaza pamene nkhokwe kuseri yatsala m'munsi. Thupi limayamba latha ayironi wosungidwa, HB n'kutsika pambuyo pake. Nkhokweyo amaiona ndi mayeso ena otchedwa ferritin, osati ka pachala kaja. Ndiye wopereka pafupipafupi akamatopa pa chitunda chimene kale ankakwera akuimba mluzu, asamangonamizira dzuwa.

Kwa amayi n'kovutirapo: msambo mwezi ndi mwezi, mimba, kuyamwitsa. Onjezanipo malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo, zimene kuno n'zosasowa.

Mlamu anali atagula kale chakumwa chofiira cha m'botolo, poti anzake anamuuza kuti chimawonjezera magazi. Kufiirako ndi utoto chabe. Ndinamuuza apite ku msika wa Limbe akagule chiwindi, usipa wodya ndi mitu yomwe, nyemba ndi bonongwe. Ayironi wa m'nyama ndi nsomba amalowa msanga kuposa wa m'masamba, koma wa m'masambayo amathandizidwa ndi vitamini C: ndimu pa ndiwo, gwafa kapena malambe mukatha kudya. Tiyi ndiye amatchinga. Iye amamwa kapu yaikulu atangosamba m'manja pa nsima, ndipo pamenepa tinakanganapo pang'ono. Tinagwirizana kuti azidikira kaye ola limodzi.

Ndinamukakamizanso kuti akaonane ndi dokotala asanagule mapiritsi a ayironi pa famase, ayambe wadziwa chimene chikumutsitsa magazi. Wati apita Lachiwiri, ana akangopita kusukulu.