Woyendetsa pampu, munthu amene amatsala pagalimoto anzake akamalowa m'moto

Nyumba ikamapsa, maso a anthu onse amalunjika kwa ozimitsa moto amene agwira paipi n'kumayandikira malawi, ndipo ndi ochepa amene amatembenukira kwa mnzawo amene watsala pambali pa galimoto akuyang'anitsitsa mageji, zida zoonetsa mphamvu ya madzi. Ine ndimaona kuti ntchito ya munthu ameneyu ndi yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa pampu imene akuyendetsayo sipanga madzi ngakhale dontho limodzi. Imangolandira madzi mbali ina n'kuwakankhira mwamphamvu mbali inayo, ndipo luso lonse la woyendetsa pampu lagona pa kuonetsetsa kuti madzi otuluka asapose olowa, komanso kuti akafike kwa anzake ndi mphamvu yoyenera, yosachepa ndiponso yosapitirira.

Mapampu akale anali a pisitoni. Ctesibius wa ku Alexandria anapanga pampu yotere zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankathira madzi ndi ndowa m'bokosi la pampu pamene amuna angapo ankapopa ndi manja. Mu 1672 Jan van der Heyden wa ku Amsterdam anabweretsa paipi yachikopa yopindika, imene inathandiza kuti madzi azifika pamtima pa moto, ndipo mu 1829 John Braithwaite ndi John Ericsson anapanga ku London pampu yozimitsira moto yoyendera nthunzi. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi pampu ya mtundu wina, yotchedwa centrifugal, imene imazunguzidwa ndi injini yomweyo yoyendetsa galimoto. Galimoto ikaima pamalo a ngozi, dalaivala amapatutsa mphamvu ya injini kuti ipite ku pampu, ndipo kawirikawiri dalaivalayo ndi amene amatsika n'kukhala woyendetsa pampu.

M'kati mwa pampu imeneyi muli gudumu lachitsulo lokhala ndi mapiko okhota, lotchedwa impeller. Madzi amalowera pakati penipeni pa gudumulo, ndipo likamazungulira mapikowo amawaponyera cham'mphepete pa liwiro lalikulu. Kumeneko amalowa m'njira yozungulira imene imanka nikula, ndipo pamene liwiro lawo likuchepa m'njirayo, mphamvu yawo yokankha imakwera. Pampu yotere imatulutsa madzi mosadukiza, imalandira mphamvu imene madzi abwera nayo n'kuwonjezerapo yake, ndipo siphulitsa paipi mavavu onse, otsegulira ndi kutsekera madzi, akatsekedwa kwa kanthawi. Komanso liwiro la gudumu likawirikizidwa kawiri, mphamvu ya madzi imawirikiza kanayi, n'chifukwa chake woyendetsa pampu wodziwa ntchito amawonjezera moto wa injini pang'onopang'ono.

Koma pampu imeneyi ili ndi chofooka chimodzi chachikulu, ndipo apa m'pamene ndimafuna kuti owerenga adekhepo. Gudumu lija silingakankhe mpweya. Ngati m'pampu muli mpweya, lizungulira mpaka kalekale popanda madzi kukwera. Vutoli silioneka pamene madzi akuchokera m'thanki ya galimoto kapena pa hydrant, mpopi wa mumsewu umene anauikira ozimitsa moto, chifukwa madzi amenewo amafika okha m'pampu. Limaoneka pamene afunika kutunga mumtsinje, m'dziwe kapena m'damu, pamene madziwo ali pansi ndipo pampu ili pamwamba. Anthu ambiri amanena kuti pampu imayamwa madzi, koma chimene chimachitika n'chakuti kapampu kena kakang'ono, kotchedwa primer, kamachotsa mpweya m'pampu yaikulu ndi m'paipi yotungira, ndipo mpweya wakunja, umene umapanikiza pamwamba pa dziwelo ndi mphamvu ya pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu yopanikiza), ndi umene umakankhira madzi m'paipimo kuti akwere. Popeza mphamvu ya mpweyayo ili ndi malire, palibe pampu padziko lapansi, kaya ikule bwanji, imene ingakweze madzi mwanjira imeneyi kuposa mamita 10.3 pamalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Pa ntchito yeniyeni malirewo amakhala mamita 7 kapena 8, ndipo amatsikanso kumapiri kumene mpweya ndi wopepuka, kapena madziwo akakhala ofunda. N'chifukwa chake opanga mapampu amawayesa pa mtunda waufupi. Ku Ulaya, mwachitsanzo, pampu yolembedwa kuti FPN 10-3000 ndi imene imatulutsa malita 3,000 pa mphindi, pa mphamvu ya ma bar 10, ikamatunga madzi amene ali mamita 3 pansi pake. Pampu yomweyo ikaikidwa pamwamba pa gombe lalitali imapereka madzi ochepa kwambiri, choncho kuimika galimoto pafupi ndi madzi ndi gawo la luso lomweli.

Paipi yotungira imakhala yolimba kuti isaphwanyike mpweya ukachotsedwa m'kati mwake, ndipo kumapeto kwake amamangako sefa yotchinga zinyalala. Sefayo iyenera kumira bwino, chifukwa ikakhala pafupi ndi pamwamba madzi amayamba kuzungulira n'kulowetsa mpweya, koma isagonenso pamchenga, chifukwa mchenga umadya mapiko a gudumu. Polumikizira pamodzi pokha posamangika bwino n'pokwanira kulepheretsa ntchito yonse.

Mbali yotulutsa madzi ili ndi masamu ake, ndipo woyendetsa pampu amawawerengera m'mutu phokoso lili ponseponse. Madzi akamadutsa m'paipi amakhulana ndi makoma ake n'kutaya mphamvu, ndipo kutayako kumakula paipi ikatalika kapena ikakhala yopapatiza. Madzi odutsa akawirikizidwa kawiri m'paipi yomweyo, mphamvu yotayika imawirikiza pafupifupi kanayi. Kukwera mmwamba nakonso kumadya mphamvu, pafupifupi bar imodzi pa mamita 10 alionse. Choncho ngati mlomo wa paipi ukufuna ma bar 7 kuti upopere bwino, m'njira mukutayika ma bar 2, ndipo anzake ali pansanjika ya mamita 20, geji ya pagalimoto iyenera kuonetsa ma bar 11. Ikachepa, madzi amagwera panjira osafika pamoto, ndipo amene ali m'nyumba yotentha amatsala opanda chodzitetezera. Ikapitirira, paipi imakankha owagwira mwamphamvu moti ikhoza kuwagwetsa pamakwerero. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti nthawi zambiri anthu awiriwa saonana n'komwe. Wa m'katiyo amangokhulupirira kuti wa panjayo wawerengera bwino.

Palinso nthawi. Thanki ya malita 2,000 imatha m'mphindi 4 ngati paipi ikutulutsa malita 500 pa mphindi, ndipo m'mphindi zimenezo woyendetsa pampu ayenera kukhala atalumikiza kale kwina kotenga madzi. Potsegula madzi a pa hydrant amachepetsa moto wa injini nthawi yomweyo, chifukwa mphamvu imene abwera nayo imawonjezeka pa ya pampu ndipo ingadzidzimutse ogwira paipi. Moto ukakhala kutali ndi madzi, magalimoto angapo amandanda n'kumapatsirana, ndipo aliyense amasamala kuti asalande madzi ochuluka kuposa amene mnzake akumutumizira.

Ngozi imene oyendetsa pampu amaiopa kwambiri imabwera pamene akufuna kutulutsa madzi ambiri kuposa amene akulowa. Mphamvu ya pakati pa gudumu imatsika kwambiri moti madzi amayamba kusanduka nthunzi ngakhale kuti ndi ozizira, ndipo tithovu timeneto tikafika pamene mphamvu ili yaikulu timaphwanyika mwaukali n'kumagompha chitsulo. Amisiri amatcha zimenezi cavitation. Pampu imalira ngati muli timiyala, imanjenjemera, ndipo injini ikawonjezedwa moto geji yotulutsira siyenda. Mtima wa munthu umamuuza kuti awonjezere moto, koma chofunika n'kuchepetsa, kuona ngati sefa yatsekeka, ndi kudziwitsa a kutsogolo kuti madzi achepa. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti geji ya mbali yolowera madzi ndi yofunika kuiyang'ana kuposa inzake, ngakhale kuti munthu wongoyamba kumene maso ake amathamangira pa yotulutsira.

Mavavu nawonso amatsegulidwa ndi kutsekedwa pang'onopang'ono, chifukwa madzi othamanga akaimitsidwa mwadzidzidzi amamenya mwamphamvu moti angang'ambe paipi kapena kuwononga mipope ya pansi pa msewu. Ndipo pampu ikamazungulira kwa nthawi popanda madzi kutuluka, madzi a m'katimo amatentha, choncho ena amawabwezera m'thanki kuti azingoyenda. Magalimoto atsopano ali ndi zida zimene zimachepetsa zokha liwiro la injini paipi ina ikatsekedwa, kuti mphamvu yonse isathamangire kwa amene atsala. Zida zimenezi n'zabwino ndipo zimateteza anthu, koma sindivomereza kuti zilowe m'malo mwa maphunziro, chifukwa chida choikidwa kuti chisunge ma bar 11 sichingabweretse madzi pamene dziwe laphwa.

Moto ukazima, pampu imatsukidwa ndi madzi oyera, makamaka ngati yapopa madzi amatope, amchere kapena osakaniza ndi mankhwala a thovu. Thanki imadzazidwanso galimoto isanapume. Kenako amatseka polowera ndi potulukira ponse, kuchotsa mpweya ndi primer, n'kuyang'ana geji kwa kanthawi. Muvi wa geji ukakhazikika, pampu ili bwino, koma ukamabwerera msanga ndiye kuti penapake pakulowa mpweya, ndipo amisiri amafufuza mphira za polumikizira ndi mavavu mpaka ataupeza mpatawo galimoto isanatulukenso.